Galu wamkulu akudzumira kagalu katsopano: kodi nditani?

Mayi wina watilembera imelo. Ali ndi galu wamphongo wa zaka 9, wofatsa, ndipo posachedwapa abweretsa kagalu ka masabata 8. Akuti: "Kakangomuyandikira, wamkuluyo amadzuma, nthawi zina amachita ngati akakhadzula. Ndimamukalipira koma zikungoipiraipira, moti wayamba kusiya chakudya. Kodi ndingokabweza kumene ndinakatenga?"

Mayi, kagaluko musakabweze, koma kukalipako musiye lero lomwe. Galu akafuna kuuza mnzake kuti amupatse mpata, amayamba ndi kutembenuza mutu, kenako amaumitsa thupi, amaonetsa mano, amadzuma, ndipo pomaliza amaluma m'malere pafupi ndi mnzakeyo osamukhudza. Mukamulanga chifukwa chodzuma, mkwiyo wake umakhalapobe, chimene chimatha ndi chenjezolo. Tsiku lina adzangoluma osachenjeza, ndipo galu wotero ndi woopsa kuposa wodzuma.

Chofunika n'chakuti muzisiyanitsa kulangiza ndi ndewu. Wamkulu akamalangiza, zimatha m'kanthawi kochepa kwambiri: amadzuma, kagalu kamalira kamodzi n'kubwerera m'mbuyo kapena kugona chagada, iye n'kuchokapo. Mukakayang'ana mupeza malovu pakhosi basi, popanda bala, ndipo posakhalitsa kayambiranso kusewera. Pamenepo musalowererepo. Koma akamakathamangitsa pamene kathawa kale, kukapanikiza pansi osakasiya, kukanyamula ndi mano n'kumakagwedeza, kapena kukayang'anitsitsa ali chiwumire osaphethira, alekanitseni kotheratu ndipo muitane katswiri wa khalidwe la agalu. Chimodzimodzinso kagalu kakayamba kubisala ndi kunjenjemera nthawi iliyonse kakamuona.

Za kusiya chakudyazo musazitenge mopepuka. Mwina ndi nkhawa chabe, koma galu wa zaka 9 akhoza kukhala ndi nyamakazi m'chiuno, dzino lowawa, kapena makutu oyamba kugontha moti kagalu kamamudzidzimutsa ali m'tulo. Onjezanipo mano a kagalu, akuthwa ngati singano, akumuluma makutu tsiku lonse. Akatha tsiku lathunthu osadya, pitani naye kwa dokotala wa ziweto. Galu amene wapatsidwa mankhwala ochepetsa ululu nthawi zambiri amapirira mnzake bwino kuposa kale.

Tsopano yambiraninso pachiyambi. Kwa masiku awiri kapena atatu akhale motalikirana, pakati pawo pakhale chitseko kapena mpanda wa waya woti azionana koma osakhudzana. Tengani kansalu, pukutani nako kagalu m'masaya ndi pamsana, mukaike pafupi ndi pogona pa wamkulu, ndipo muchitenso chimodzimodzi mbali inayo. Akakanunkhiza modekha, mupatseni kachidutswa ka nyama. Powakumanitsanso pakhale anthu awiri, aliyense ndi galu wake pa chingwe, pamalo otakasuka opanda mbale, fupa kapena choseweretsa. Yendani mofanana mutatalikirana mamita atatu, n'kumayandikirana pang'onopang'ono. Akanunkhizana, werengani mpaka 3, kenako muwaitane, ayende, adzanunkhizanenso. Chingwe chikhale cholendewera. Mukachikoka, galu amaimika mutu ndi kuumitsa khosi, ndipo mnzake amaona ngati akumuputa. Sankhani malo amene agalu ena safikako, chifukwa kachilombo ka parvo, koyambitsa matenda oopsa a kusanza ndi kutsegula m'mimba mwa agalu, kamakhala m'dothi kwa miyezi yambiri ndipo kagalu kanu sikanamalize katemera.

Ndewu zambiri zimayambira pa mbale. Aliyense adyere kwayekha, chitseko chili chotseka, ndipo pakatha mphindi 15 chotsani mbalezo kaya mwatsala chakudya kapena ayi. Kagalu kadye kanayi pa tsiku mpaka masabata 12, katatu mpaka miyezi 6, kenako kawiri. Asabererane: chakudya cha tiagalu chimanenepetsa galu wokalamba n'kumulemetsa miyendo yowawa kale, pamene cha agalu akuluakulu sichikwanira kumanga mafupa a kagalu. Mbale zamadzi zikhale ziwiri, malo osiyana. Mafupa ndi zotafuna muzipereka pokhapokha ali olekanitsidwa.

Chimene anthu ambiri amaiwala ndi tulo. Kagalu ka msinkhu uwu kamafunika kugona maola 18 mpaka 20 pa tsiku. Mukaona madzulo kakuzungulira ngati kapenga, kakuluma aliyense ndi kulendewera pa mchira wa wamkulu, nthawi zambiri ndiye kuti katopa. Kapititseni kogona. Ola limodzi kali maso, maola awiri kagone m'kachipinda kake, ndipo wamkulu apumepo. Iyenso akhale ndi malo ake amene kagalu sikafikako. Mukamachoka pakhomo, ngakhale kwa mphindi 10, alekanitseni. Mukaona wamkulu akutembenuza mutu ndi kunyambita milomo koma kagalu kakulimbikirabe, kachotseni inuyo asanafike podzuma. Akaona kuti mumamuteteza, sakhalanso tcheru nthawi zonse.

Pa nkhani yophunzitsa, musadalire kuti wamkulu akaphunzitsa. Kamatengera zina, monga malo okodzera, koma kamatengeranso kuuwa pageti ndi kupempha patebulo. Vuto lalikulu ndi lakuti kagalu kokhala ndi galu mnzake tsiku lonse kamayamba kumvera iyeyo, inu n'kumakuonani ngati wongobweretsa chakudya. Mudzadabwa tsiku limene wamkulu palibe: mukakaitana, sikabwera. Choncho kaphunzitseni pakokha, mphindi 3 mpaka 5, katatu pa tsiku, wamkulu ali kwina akutafuna chake. Yambani ndi dzina lake, kenako "bwera" ndi "khala". Mphotho iperekedwe nthawi yomweyo kakachita bwino, chifukwa mukachedwa sikadziwa chimene mukukayamikira. Kazolowetseninso kukhala kokha kwa mphindi zochepa tsiku lililonse, n'kumaonjezera. Kokodza muzikatulutsa kakangodzuka, kakangodya, kakangosewera, komanso maola awiri alionse masana. Kakakodza m'nyumba, tsukani bwino fungo lithe, apo ayi wamkulu adzakodza pomwepo poika chizindikiro chake, ngakhale anasiya kalekale.

Wamkulu asataye zake. Nthawi yake yoyenda, malo ake ogona ndi nthawi yocheza nanu awiriwiri zikhale monga kale.

Katemera wa kagalu amayamba pa masabata 6 mpaka 8 ndipo amabwerezedwa masabata awiri mpaka anayi alionse kufikira masabata 16. Wa chiwewe amaperekedwa kuyambira masabata 12. Mankhwala a njoka za m'mimba kazimwa masabata awiri alionse mpaka masabata 12, kenako mwezi uliwonse mpaka miyezi 6. Onaninso khadi la katemera la wamkulu, ndipo utitiri ndi nkhupakupa muziphere onse awiri tsiku limodzi, ndi mankhwala oyenera msinkhu ndi kulemera kwa aliyense, chifukwa ena a agalu akuluakulu saloledwa pa tiagalu.

Agalu ambiri amayamba kuzolowerana pakatha masabata atatu kapena anayi, ngakhale ena amangolekerana osadzasewera limodzi, ndipo zimenezo n'zokwanira. Yembekezeraninso kuti kudzuma kudzabwerera kagalu kakafika miyezi 4 mpaka 6. Pa msinkhu umenewo agalu akuluakulu amasiya kulekerera zachibwana zimene ankazipirira poyamba, kagalunso kamakhala kakusintha mano ndipo kamafuna kutafuna chilichonse. Nthawi imeneyo mpanda uja musauchotse, kagalu mukaonjezere zotafuna, ndipo mufunse dokotala wa ziweto nthawi yoyenera kukafula kapena kukatseka.