Za Vitz ya 2007 ndi nkhani ya COF

Achimwene mwafunsa ngati Vitz ya 2007 mukufuna kugula kwa munthu konkunoyo, ya injini yaing'ono ya 1.0 yoti yayenda kale ma kilomita opitilira 180,000, izidutsa COF (kuyezetsa galimoto ngati ili yoyenera kuyenda pa msewu) bwinobwino kapena muzingotaya ndalama chaka ndi chaka. Ndaona ambiri angokuyankhani kuti Toyota siifa, gulani basi. Sakunama kwenikweni koma akukamba za injini, pomwe ku COF injini si imene imagwetsa galimoto imeneyi. Chimagwetsa ndi kunsi, kumiyendo, ndi tinthu ting'onoting'ono timene mwini wake anasiya kutiona kalekale.

Ya 1.0 imeneyo chassis number yake imayamba ndi KSP90, injini ndi 1KR ya ma cylinder atatu, yomweyo ili mu Passo ndi Belta, nde ma spare ake savuta kaya ku Limbe kaya kwa Biwi, komanso ku South Africa imadziwika kuti Yaris ndipo zambiri zimalowana. Ili ndi timing chain osati belt, ndiye ngati oyilo amasinthidwa mu nthawi yake mileage mwatchulayo siyoopsa ayi. Imanjenjemera pang'ono ikaima pa robot, ndi chibadwa cha ma cylinder atatu chimenecho, koma ikamagwedeza mpaka chiwongolero ndi dashboard dziwani kuti ma engine mounting atha. Utsi wabuluu ku ekizozi ndi umene ungakuvutitseni, imeneyo ikudya oyilo, isiyeni osagula.

Tsopano kunsi. Galimoto imeneyi anaipangira misewu ya ku Japan, ndi yotsika komanso matayala ndi ang'ono, 14 inch zambiri, ndiye taganizani zaka zonsezi ikumenya maenje ndi ma hump, kwinaku itanyamula matumba a chimanga kumbuyo pochokera kumudzi. Zoyamba kutha ndi ma stabilizer link, ma bush a control arm, ma ball joint, rack end ndi tie rod end, kenako ma shock. Woyeza akaikweza kapena akalowa mdzenje nkugwedeza tayala, play iliyonse, kutanthauza kukhwefuka, imaonekera pompo, simungabise. Inu musanalipire kalikonse pitani nayo pa msewu wafumbi, zimitsani wailesi, tsitsani magalasi, mumvetsere. Kukamamveka gudugudu kutsogolo ndi zimenezo. Mukakhota full lock, chiwongolero mpaka kumapeto, nkumamva te te te ndi CV joint, ndipo nthawi zambiri imayamba ndi ka boot kong'ambika kotchipa komwe munthu anakanyalanyaza mpaka mchenga unalowa mu girisi.

Pamenepa ndi pomwe ndimafuna mumvetse bwino chifukwa mpomwe anthu amati Vitz imadya ndalama pa COF iliyonse. Si galimotoyo, ndi ma spare amene timaikamo. Munthu amagula ball joint yotchipitsitsa ya no name dzulo lake la COF, imadutsa, pakatha miyezi ingapo yayambanso kulira, chaka chamawa agulanso yomweyo, nde amaona ngati galimoto ndi yovuta. Mukasintha kumiyendo konse kamodzi ndi zinthu zabwino, mbali zonse ziwiri osati imodzi yokha, nkupangitsa alignment, mumapuma nthawi yaitali ndithu. Zimawawa tsiku logula koma mukawerengera ndi ya makaniko yobwerezabwereza ija mupeza kuti zotchipazo ndi zomwe zimadula.

Mabuleki, kutsogolo ndi ma disc kumbuyo ndi ma drum. Poti ambiri ndi a automatic anthu amangoika pa P osakoka handibuleki, nde imakhala yosagwira kapena ikugwira mbali imodzi, mwini wake osadziwa mpaka tsiku loyezetsa. Kaimikeni pa chitunda, ikani pa N, kokani muone ngati iima. Auzeni amakaniko atsegule ma drum aone ngati ma wheel cylinder sakudontha, ndipo brake fluid ngati yada bii asinthe.

Matayala musangoona mapanga okha. Pambali pa tayala pamakhala manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza ndi chaka, monga 2316 ndiye kuti sabata ya 23 chaka cha 2016. Tayala lakale limang'aluka m'mbali olo mapanga akuoneka. Komanso magalimoto ambiri ochoka ku Japan amabwera ndi matayala a nyengo ya chisanu aja olembedwa studless, ndi ofewa, pa tala wotentha wa mwezi wa October kunjira ya ku Salima kapena ku Chikwawa sakhalitsa komanso pa mvula sagwira bwino. Amenewo olo atadutsa COF ine sindingakwezemo ana.

Zotsalazo ndi zazing'ono koma zimabweza anthu ambiri, ma headlight a Vitz akakalamba amachita chikasu osaunika patali, apolisheni ndipo aone ngati sakuloza kumwamba, babu la number plate, ma brake light, ma indicator, hutala, ma wiper, galasi lakutsogolo losweka mbali ya dalaivala, malamba onse azimanga ndi kubwerera, ma reflector ndi ma triangle. Zonsezi mutha kuona nokha pakhomo ndi munthu mmodzi woima kumbuyo. Onetsetsaninso kuti chassis number ndi engine number zikufanana ndi zomwe zili pa blue book komanso mu system ya ku Road Traffic, poti ena anasintha injini osakalembetsa ndipo vuto limenelo limagwera inu wogula.

Dzimbiri kwathu kuno si vuto kwambiri koma zimatengera komwe galimotoyo inachokera. Kumpoto kwa Japan monga ku Hokkaido amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, nde zina zimafika zitadyeka kale kunsi. Suzumirani ku rear beam, ma brake pipe ndi pansi pa spare tyre, kumeneko kumakonda kusunga madzi.

Koma chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri pa funso lanu ndi choti mukuyesa ubwino wa galimoto ndi COF. COF imangoona ngati galimoto ili yotetezeka pa msewu tsiku limenelo, siyikuuzani za giyabokosi. KSP90 ili ndi giyabokosi ya automatic ya mtundu wa CVT, imafuna oyilo wakewake wa CVT, Toyota amalemba kuti TC, koma alipo amakaniko amathiramo ATF, oyilo wa automatic wamba, ndipo imafa pang'onopang'ono. Ikamalira ngati ikuimba mluzu, ikamachedwa kugwira mukaika pa D kapena R, ikamadzuka mogwedeza, dziwani kuti mtengo wa giyabokosi ina ukudikira inu, chikhalirecho disc ya COF ili pagalasi yatsopano. Chimodzimodzi water pump, pa 1KR imakonda kudontha ikakalamba, yang'anani zouma za pinki kumbali kwa injini, ndipo funsani ngati thermostat ilimo poti ambiri amachotsa nkumathira madzi a pa mpopi. Mukatembenuza kiyi pa ON musanalize, magetsi onse a pa dashboard ayake, check engine, ABS, airbag ndi P/S (power steering), kenako azime ikalira. Lina likapanda kuyaka ndiye kuti wina anachotsa babu kuti abise vuto.

Pa airbag pomwepo, ma Vitz a zaka zimenezi ena anali pa recall, kuitanidwa ndi kampani kuti akakonzedwe, chifukwa cha ma airbag a Takata aja amaphulika ndi zidutswa za chitsulo, ndipo kutentha ndi chinyezi zimaonjezera vutolo. Zina zinachoka ku Japan zisanakonzedwe. Lowetsani chassis number pa tsamba la recall la Toyota Japan muone, ndi zaulere.

Ndipo chonde musadalire zoti mwini wake akuti COF ndi yatsopano. Tonse tikudziwa kuti alipo madobadoba amabweretsa pepala galimoto ili pakhomo osayezedwa nkomwe, pepala limenelo silingakuimitsireni galimoto pa Linthipe ball joint ikazuka. Tengani makaniko wanu osati wa wogulitsa, aikweze pa jeke aone zonse ndatchulazi, alembe mtengo wa chilichonse chofunika kusintha, ndalama imeneyo muichotse pa mtengo akukuuzaniwo. Akakana kuti ikwezedwe musiyeni, ma Vitz ndi ambiri pa msika. Mukapita kukaiona jambulani kunsi, dashboard kiyi ili pa ON ndi manambala a matayala muponye muno tikuthandizeni kuona.