Za buku la msilikali wa KAR amene anatchona

Mayi, mwafunsa ngati buku lija lonena za msilikali wa KAR (King's African Rifles) amene anabwerera kwa mkazi wake patapita zaka zambiri n'loyenera kuliwerenga, komanso ngati n'zotheka kuti mkazi alandirenso mwamuna wotero. Ine ndinaliwerenga lonse, ndipo ndikuti liwerengeni ndithu, ngakhale kuti mathero ake sanandikhutiritse.

Mlembi anasankha bwino nthawi ya nkhani yake. Masiku amenewo Zomba ndiye inali likulu la Nyasaland, ndipo anyamata ambiri a m'dziko muno analowa usilikali wa King's African Rifles, ena mpaka anakamenya nkhondo ku Burma mu 1944. Chipilala chokumbukira asilikali a KAR chija chili pafupi ndi Cobbe Barracks timachidutsa tsiku ndi tsiku, koma sitiganizira kawirikawiri za akazi amene ankatsala kumudzi. Mwamuna wa m'bukuli atabwerako kunkhondo anasowa pogwira, anakalembetsa ku Wenela n'kupita kumigodi ya ku Johannesburg, ndipo kumeneko anatchona, makalata n'kusiya kubwera.

Mphamvu ya bukuli ili pa mkaziyo. Njala ya 1949 inamupeza ali yekha ndi ana, ndipo mlembi akutionetsa iye akusinthanitsa chitenje chake chomaliza ndi kalichero ka ufa, osatiuza kuti timumvere chisoni. Tsiku limene mwamunayo anatulukira ndi sutikesi yake yachitsulo, mkaziyo sanalire kapena kukalipa. Anamuyalira mphasa panja, anagwada n'kumupatsa madzi osamba m'manja, anamufunsa kuti, "Mwayenda bwanji?" monga momwe amafunsira mlendo wongodutsa, ndipo m'nyumba sanamulowetse. Aliyense wokulira kumudzi akudziwa kuti ulemu wotere umapweteka kuposa kutukwanidwa.

Pamene mlembi anapunthwa ndi pa kubwererana kwenikweniko. Kwathu kuno, pakati pa Ayao ndi Anyanja, ukwati ndi wachikamwini: mudzi ndi wa mkazi, munda ndi wa mbumba yake, ndipo mwamuna wosowa zaka zonsezo sangangobwera n'kuyambiranso banja chifukwa chakuti awiriwo alirirana m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Ankhoswe a mbali zonse akanayenera kukhala pansi, amalume a mkaziyo akanayenera kumufunsa mkamwiniyo kuti ndani ankalima munda ndi kuveka ana pamene iye kunalibe, ndipo mwina akanamulipiritsa asanamulole kuponda pakhomo. Zonsezi mlembi anazidumpha m'masamba ochepa, ngati kuti anatopa.

Choncho pa funso lanu lachiwiri, ndikuti n'zotheka, pakuti machona ena ankalandiridwadi, makamaka chifukwa cha ana. Koma mkazi wolimba mtima ngati uyu sakanagonja msanga chotero, ndipo mutu umene ndinkaufunitsitsa, wa mwamunayo atakhala pansi pamaso pa ankhoswe akuyankha mlandu wake, m'bukumo mulibe.