Ku Nyanga kuli zambiri koposa nsonga ya phiri

Mlungu wathawu ndalandira kalata ya pa imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Mufakose, mu Harare. Akuti iwo ndi anzawo a kutchalitchi, onse pamodzi anthu 12, akhala akusonkha ndalama kuti apite ku Nyanga, kumapiri a kum'mawa kwa Zimbabwe, kumapeto kwa mlungu umodzi. Mu gululi muli achinyamata, amayi anayi, ndi apongozi awo a zaka zopitirira 60. Funso lawo ndi ili: "Kodi tingathe kukwera phiri la Nyangani tonse? Nanga zoti anthu amasowa kumeneko n'zoona? Apongozi anga akuti sapita ngati ili nkhani ya mizimu."

Achemwali, zikomo polemba. Ndiyambe ndi kukukhumudwitsani pang'ono: musakwere nonse. Ndipo amene atsale pansi asadzimve kuti aluza, chifukwa kwa ine zokoma za ku Nyanga zili m'munsi, m'mitsinje ndi m'miyala imene anthu akale anayala ndi manja.

Za njira ndisataye nthawi. Kuchoka mu Harare mudzera ku Marondera mpaka ku Rusape, makilomita pafupifupi 170, ndiye mukhotera kumanzere kulowera ku Juliasdale mpaka m'tauni ya Nyanga. Ulendo wonse ndi makilomita ngati 270. Mabasi alipo ku Mbare, koma adzakutulani m'tauni, pamene malo oyendamo ali motalikirana kwambiri. Anthu 12 ndi okwanira kubwereka kombi yanuyanu. Muuziretu woyendetsa kuti misewu ina ndi yafumbi ndi yamiyala, asadzayambe kung'ung'udza muli pakati pa nkhalango. Pachipata cha paki ya Nyanga, mmene muli phirilo, pamakhala mitengo yolowera yosiyana kwa nzika za Zimbabwe, anthu a m'maiko a SADC ndi alendo ochokera kutali, choncho aliyense atenge chitupa chake. Izi ndikunena dala chifukwa m'magulu athuwa simulephera kukhala wina wa pasipoti ya Malawi.

Tsopano za phirilo. Nyangani ndi lalitali kuposa onse mu Zimbabwe, mamita 2,592. Amene anakwerako Mulanje aseka, chifukwa Sapitwa ndi mamita 3,002 ndipo kuti ukafike pamwamba umagona m'njira. Ku Nyangani galimoto imakufikitsa patali ndithu, pamalo oimikapo magalimoto, ndipo kuchoka apo munthu wamphamvu amafika pansonga pa maola awiri kapena atatu. Chiyambi chake ndi chitunda chotopetsa, mawondo amalira, kenako pamwamba pamakhala ngati chidikha chaudzu, miyala ndi madambo. Vuto lili pachidikhapo. Kukakhala kowala, njira imaoneka bwino. Nkhungu ikabwera, mwala uliwonse umafanana ndi unzake, ndipo kum'mawa kwake phirilo limatsetsereka moopsa kulowera ku chigwa cha Honde.

Nkhungu imeneyi anzathu a Chishona amaitcha guti. Ife timaidziwa bwino: ndi chiperoni chomwe chija cha ku Thyolo ndi ku Mulanje, mpweya wonyowa wochokera kunyanja yamchere kudzera ku Mozambique, umene ukagunda mapiri umasanduka nkhungu ndi mvula yowaza. Ine inandipeza kamodzi ndili pamwamba. Tinakwera dzuwa likuswa mtengo, tinakhala pansi kudya mbatata, ndipo tisanamalize, mnzanga amene anali mapazi khumi okha kuchoka pamene ndinali ndinkangomumva mawu. Amene ankatitsogolera anati tikhale pomwepo, wina asasunthe. Tinakhala ola lathunthu, mano akugundana, mpaka kunang'ambika pang'ono. Tikanati tiyende, sindikudziwa tikanatsikira mbali iti.

Ndiye zoti anthu anasowako n'zoona. Alipo amene anakwera osabwerako, ndipo ena sanapezeke mpaka lero. N'chifukwa chake oyang'anira paki amafuna kuti mulembetse musanakwere, mupite ndi wotsogolera, ndipo muyambe m'mawa. Eni dera, a Chimanyika, amalilemekeza phirili ngati malo a makolo awo. Adzakuuzani kuti mukaona chachilendo musaloze chala, musaseke, musatukwane. Apongozi anu sadzadabwa nazo zimenezi, pakuti ndi malamulo omwe aja timamva a ku Mulanje, kumene amati ukapeza chakudya m'phiri udye wekha osaitana mnzako. Ine sinditsutsana ndi eni malo pa nkhani ya malo awo. Ndimangoona kuti munthu wosunga malamulowa amayenda mwakachetechete, sapatuka m'njira, sasiyana ndi anzake, ndipo ndi zomwezonso zimapulumutsa munthu ku nkhungu. Achinyamata anu akwere Loweruka m'mamawa ngati kwacha bwino. Wotsogolera akati lero ayi, ndi ayi. Safunsa anadya phula.

Pamene iwo ali kumwamba, inu ndi apongozi muyende za m'munsi. M'paki momwemo muli mathithi a Nyangombe, pamene madzi amatsika pamiyala yosanjikizana ngati masitepe. Kuchoka pamsewu ndi kaulendo kochepa, ngakhale kotsetsereka, ndipo miyala yake ndi yoterera, musalole ana kuyandikira m'mphepete chifukwa chofuna chithunzi. Pali madamu a Rhodes, Mare ndi Udu, oyenda mowazungulira mopanda chitunda, ndiponso malo oswetsera nsomba za trout. Amene amadziwa phiri la Zomba adzaona ngati afika kwawo: mitengo ya paini, madzi ozizira ngati a Mulunguzi, fungo lomwe lija la utomoni. Painiyo ndi wattle si mitengo ya kuno, anachita kubwera nayo, ndipo yafalikira mpaka kulanda malo a udzu wachilengedwe, moti oyang'anira paki amalimbana nayo. Nkhalango yeniyeni ya makolo yatsalira m'zigwa ndi kumbali yoyang'ana kum'mawa, kumene kumagwa mvula yambiri.

Pafupi ndi damu la Rhodes pali hotela ndi kanyumba kosungiramo zakale. Cecil Rhodes anagula malo amenewa mu 1896, ndipo pakiyi inakula kuchokera pa famu yakeyo. Mukhoza kulowamo theka la ola, n'zokwanira. Mbiri imene ndikufuna muione ndi yakale kuposa Rhodes.

M'mapiri a dera lonseli muli mizere ya miyala yoyalidwa mopingasa chitunda, umodzi pamwamba pa unzake, kuchoka m'tsinde mpaka kumtunda. Ndi minda. Anthu ankazula miyala m'nthaka, n'kuiyala ngati khoma lalifupi, dothi n'kutsalira kumbuyo kwake, ndipo apo ankadzala mapira ndi mawere. Alangizi a zaulimi kwathu akhala akutiphunzitsa migula ndi mizere yopingasa ngati nzeru yobwera ndi sukulu, chonsecho kuno anthu ankachita zimenezi zaka mazana angapo zapitazo, ndi miyala, opanda galimoto kapena wilibala. Ankakumbanso ngalande zotenga madzi m'mitsinje kuwayendetsa m'mbali mwa phiri mpaka kumidzi ndi kuminda.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi maenje. Pakati pa midzi yambiri pankakhala dzenje lozungulira, lomangidwa ndi miyala mkati, lakuya kupitirira msinkhu wa munthu, ndipo kolowera kwake ndi kamphanga kokhota kamene munthu amalowa chowerama. Azungu oyamba kuwaona anati ndi maenje osungiramo akapolo, ndipo dzinalo linakakamira zaka zambiri. Ofukula zakale atafufuza anapeza kuti anali makola a ng'ombe zazing'onozing'ono za mtundu wa kuderali. Kamphangako kankadutsa pansi pa nyumba ya mwini mudzi, ndipo m'nyumbamo munali kabowo koikapo mitengo yotsekera njira, moti wakuba kapena fisi sakanatulutsa ng'ombe mwini wake osamva. Kumunsi kwa dzenje kunali kangalande kotulutsira madzi osakanikirana ndi ndowe, kulowera kudimba. Khola, chitetezo ndi manyowa, zonse pamalo amodzi. M'paki muli dzenje limodzi limene analikonzanso n'kumangapo nyumba zaudzu kuti anthu aone momwe mudzi unkaonekera, ndipo apongozi anu, ngati anakulira kumudzi, adzakhala ndi zonena zambiri kuposa wotsogolera. Pamwamba pa timapiri pali malinga a miyala, monga Nyangwe ndi Chawomera. Kukwera ku Nyangwe ndi kwa mphindi zochepa ndipo pamwamba pake mumaona dera lonse.

Kumene zonsezi zili zochuluka ndi ku Ziwa, kumpoto chakumadzulo kwa tauni ya Nyanga, pamsewu wafumbi. Kumeneko ndi kotsika, kotentha, kwa mitengo ya m'tchire lathu lomwe lija, ndipo mizere ya miyala yambiri ndi ya zaka za m'ma 1600 ndi 1700. Mu 1905 katswiri wina, David Randall-MacIver, anafikako n'kupatcha malowa dzina la mzungu amene anamuperekeza, Van Niekerk, ndipo dzina la Ziwa linabwerera pambuyo pa ufulu. Amayang'anira ndi a National Museums and Monuments of Zimbabwe, omwenso amayang'anira thanthwe la Domboshava kufupi ndi Harare, ndipo pali kanyumba ka zakale ndi anthu okuyendetsani. Mukayenda pakati pa makomawo, m'tinjira ta miyala tolowera m'midzi, muyende pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinathamanga ulendo woyamba, ndinangoona milu ya miyala. Ulendo wachiwiri ndi pamene ndinayamba kuona pamene panali khomo, pamene panali nkhokwe, mphero yoperera mawere ili pomwe mwini wake anaisiya. Lamlungu m'mawa, mukatha mapemphero anu, pitani nonse kumeneko musanabwerere ku Harare. Chonde, mwala kapena phale lililonse lisiyeni pamene mwalipeza.

Mwina wina m'gulu adzafunsa za mathithi a Mutarazi. Ndi aatali zedi, mamita opitirira 700, akugwera m'chigwa cha Honde kumene kuli minda ya tiyi ndi nthochi, ndipo masiku ano kuli milatho ya zingwe yoti olimba mtima aziwoloka pamwamba pa phompho. Kufupi kwake kuli malo oonerapo chigwa cha Pungwe, mtsinje umene umayambira pa Nyangani pomwepo n'kukathira m'nyanja ku Beira. Koma ndi kum'mwera, mbali ina, ndipo masiku awiri sangakwane zonse. Kusiyeni kukhale chifukwa chobwereranso. Chimodzimodzi mtsinje wa Gairezi, kwawo kwa mfumu Rekayi Tangwena, amene anakana kuchotsedwa pamalo a makolo ake m'nthawi ya Ian Smith, ndipo mu 1975 anawolotsa Robert Mugabe ndi Edgar Tekere kupita ku Mozambique kudzera m'mapiri omwewa. Achinyamata akamadandaula miyendo muwakumbutse zimenezo.

Simunanene mwezi umene mukufuna kupita. Kuyambira Novembala mpaka Malichi ndi mvula, njira zimaterera ndipo phiri limakhala lofunda nkhungu masiku ambiri. Juni ndi Julaye kumawala bwino koma usiku kumagwa chisanu chenicheni, udzu umachita kuyera, kuzizira kwa ku Dedza kumachepa. Ine ndimakonda Meyi, mitsinje ikadali ndi madzi, kapena kumayambiriro kwa Seputembala pamene mitengo ya musasa ikuphukira masamba ofiira. Mwezi uliwonse, okwera phiri atenge juzi, chodzitetezera ku mvula, madzi, kamba wapanjira ndi nsapato zogwira pansi zimene anazivalapo kale, osati zatsopano zogula dzulo lake kumsika wa Mupedzanhamo.

Ndipo musanawononge ndalama za gulu, yesani miyendo pafupi. Loweruka lina kwerani kombi mupite ku Domboshava kapena ku Ngomakurira, makilomita 30 kapena 40 okha kuchoka m'tauni, mukakwere thanthwe ndi kuona zithunzi zimene anthu akale anajambula pamiyala. Amene akafike pamwamba pa Ngomakurira akuyankhula bwinobwino, alembeni pagulu la ku Nyangani. Otsalawo apite ndi apongozi ku Nyangombe, ndipo pobwerera muime ku Juliasdale mugule maapozi ndi mbatatesi za m'mbali mwa msewu.