Funsani Tikuyankheni: Kodi munda wa khofi ungakope alendo?

Funso: Zikomo akonzi. Ndimakhala ku Rosettenville kuno ku Joni ndipo ndimagwira ntchito yophika. Makolo anga ku Ntchisi ali ndi mitengo ya khofi pafupifupi 800, koma ndalama amaziona kamodzi pachaka. Abwana anga atalawa khofi wakwathu anati akufuna adzakaone kumene amalimidwa. Ndasungako timaranda. Kodi ndimange zipinda zogona alendo pamundapo?

Yankho: Achimwene, zipindazo zidikire kaye. Mlendo wobwerera khofi safuna bedi, malo ogona aliko kale kufupi ndi nkhalango ya Ntchisi komanso ku Nkhotakota. Chimene malo amenewo alibe ndi munda ndi mlimi wake. Yambani ndi ulendo wa maola atatu, mlendo azibwera m'mawa n'kubwerera atadya nkhomaliro.

Nthawi yabwino ndi yokolola, kuyambira cha mu May kufika September, pomwe misewu yafumbi ndi youma. Koma ndi nthawi yomweyonso imene pakhomo pamachuluka ntchito, choncho musalandire anthu oposa 8 nthawi imodzi, ndipo patulani mitengo 10 yokha yoti alendo azithyolamo. Mlendo sadziwa, amapulula zofiira ndi zosapsa zomwe, n'kuthyola nthambi zoti zidzabereke chaka chamawa. Asonyezeni kuti amathyola chimodzichimodzi, chofiira chokha.

Akathyola, athire m'ndowa ya madzi. Zoyandama n'zopanda kanthu kapena zofumbwa, zichotsedwe. Khofi amasendedwa tsiku lomwelo, akagonera amasasa. Wosendedwayo amamusiya maola 24 mpaka 48, malinga ndi kuzizira, kuti kuterera kuchoke, kenaka amatsukidwa ndi kuyanikidwa pathandala milungu pafupifupi iwiri. Mlendo sangadikire zonsezo, ndiye konzeranitu khofi pang'ono wa gawo lililonse kuti agwire ndi manja ake. Auzeninso kuti makilogalamu 5 kapena 6 a zipatso zofiira amatulutsa kilogalamu imodzi ya khofi wosakazinga. Akamva zimenezi sanenerera mtengo.

Pokazinga ndi pamene pali ndalama, ndi pamenenso ambiri amalakwitsa. Khofi wouma makolo anu amukonole mumtondo wakewake, osati wa nsinjiro, n'kupeta. Aike magalamu 250 m'chiwaya chokhuthala pambaula ya makala oyaka kale, azitakasa osaleka kwa mphindi 12 mpaka 15. Akayamba kuthetheka ngati mbuliwuli, adikire mphindi imodzi kapena ziwiri, aphule, atsanulire palichero kuti azizire msanga. Moto ukachuluka amapserera kunja m'kati muli mwamuwisi, ndipo amawawa ngati mankhwala. Pofulula, magalamu 60 pa lita imodzi ya madzi ongophulidwa kumene, mphindi 4. Khofi amakoka fungo, ndiye asasungidwe chipinda chimodzi ndi fodya, parafini kapena usipa. Inu ndinu wophika, mukapita kutchuthi mukawaphunzitse nokha. Sikelo yaing'ono, kachigayo kamanja ndi timapaketi totsekeka mugule konkuno, sizilemera pabasi. Mlendo aliyense azichoka ndi paketi yogula, chifukwa khofi wokazinga amagulidwa pamtengo woposa kutali wa zipatso. Ngati makolo ali mukoparetivu, ayambe akambirana ndi atsogoleri kuti asaoneke ngati akugulitsa mozemba.

Timaranda tanuto tiyambire kuchimbudzi. Chikhale cha simenti, chovindikira, cha paipi yotulutsa mpweya, pamtunda wa mamita osachepera 30 kuchokera pachitsime, madzi ndi sopo zili pakhomo. Madzi akumwa aziwiritsidwa. Mlendo mmodzi akatsegula m'mimba, nkhani imafika pa Facebook iye asanafike ku Lilongwe. Chakudya musavutike nacho: nsima, nkhuku yachikuda, nkhwani wotendera.

Musadalire abwana anu okha, iwo adzabwera kamodzi. Alendo obwerezabwereza ndi anthu okhala ku Lilongwe ofuna kopita Loweruka, ndi amene akupita kunkhalango ya Nkhotakota, yomwe ikuyendetsedwa ndi bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks kuyambira 2015 ndipo inalandira njovu pafupifupi 500 mu 2016 ndi 2017. Kambiranani ndi eni malo ogona kuti azikutumizirani alendo, iwo azipatsidwa kangachepe pamutu uliwonse.

Chimene chimagwetsa ntchito zotere kwa anthu a ku Joni n'kusowa mwini pamalopo. Sankhani munthu mmodzi wodziwa Chingerezi, wa foni yosazimazima, azilemba m'kope tsiku, chiwerengero cha alendo ndi ndalama. Malipiro azilowa pa nambala imodzi ya Airtel Money kapena Mpamba, ndipo mtengo wa munthu mmodzi uzidziwika ulendo usanayambe. Amfumu adziwitsidwe alendo oyamba asanafike. Za kujambula anthu, makamaka ana, mlendo azipempha kaye.

Zipinda mudzaziganizire pakatha nyengo ziwiri zokolola, kope lija likadzasonyeza kuti alendo akupempha okha kugona. Pamenepo mudzafunika kulembetsa bizinesi ndi kutenga chiphaso ku dipatimenti yoona zokopa alendo, ndipo ngati malowo ndi a makolo, abale onse agwirizane molemba njerwa yoyamba isanaumbidwe.