Kompyuta Yodzimangira Ikumangouma: Ndiyambire Pati?

FUNSO: Ndinagula zipangizo n'kudzimangira kompyuta. Purosesa ndi Ryzen 5 5600X, motherboard ya B550, RAM ziwiri za DDR4-3200 za 8GB iliyonse, ndi power supply ya 550W. Imayaka bwinobwino, koma pakapita kanthawi imangouma: mausi osayenda, kiyibodi osayankha, mpaka ndiizimitse pa batani. Windows ndaikamonso koma palibe chasintha. Anzanga akuti motherboard inafa. Ndigule ina? — Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Ndalamayo isungeni kaye. Popeza mwaikanso Windows koma vuto likadalipo, tikukayikira zipangizo kapena BIOS (pulogalamu ya mu motherboard yomwe imayamba kugwira ntchito Windows isanatseguke), ndipo pa kompyuta yongomangidwa kumene woyamba kumufunsa ndi RAM.

Zimitsani, zulani chingwe cha magetsi, ndipo onani pomwe munalowetsa RAM. Ngati motherboard ili ndi mipata inayi, RAM ziwiri zimakhala mu A2 ndi B2, kutanthauza mpata wachiwiri ndi wachinayi kuchokera pa purosesa. Zichotseni, muzibwezeretse mokanikiza mpaka tizingwinjiri ta m'mbali titseke tokha. RAM yolowa theka imatha kuyatsa kompyuta n'kudzaumitsa ikayamba ntchito yolemera.

Kenako lowani mu BIOS muzimitse XMP, njira yokwezera liwiro la RAM, yomwe pa ma board a ASUS imatchedwa DOCP. Liwiro la 3200 lolembedwa pa paketi nthawi zambiri limafikiridwa XMP ikayatsidwa, ndipo si RAM iliyonse imagwirizana ndi board iliyonse pa liwiro limenelo. Mukaizimitsa, liwiro litsika kufika pa 2133 kapena 2400. Igwiritseni ntchito choncho masiku awiri. Ikasiya kuuma, mwapeza gwero: ikani BIOS yatsopano, kenako muyesenso XMP, kapena muike liwiro pa 3000. Koma BIOS musaisinthe popanda UPS, chipangizo cha batire chopitiriza kupereka magetsi akathima. Magetsi akathima ntchitoyo ili pakati, board yomwe anzanu akuti inafa ija ikhoza kufadi.

Ikapitiriza kuuma, ikani MemTest86, pulogalamu yoyesera RAM, pa flash, muyatsire kompyuta pamenepo ndipo muisiye imalize maulendo onse anayi. Zimatenga maola angapo. Cholakwa chimodzi chokha n'chokwanira, palibe zoti "n'chimodzi basi". Mukachipeza, yesani RAM imodziimodzi mu A2 kuti mudziwe yodwala.

RAM ikapezeka yabwino, onani kutentha ndi pulogalamu ya HWiNFO. Purosesa yanuyi malire ake ndi 95°C. Ikamafika pamenepo musanatsegule chilichonse cholemera, chotsani cooler, chipangizo choziziritsa purosesa. Ambiri amaiwala kumatula kapulasitiki ka pansi pake ngati kalipo, ena amamanga zomangira mbali imodzi mopitirira. Pukutani thermal paste (phala lopaka pakati pa purosesa ndi cooler) wakale, ikani watsopano wochepa ngati nsawawa imodzi pakati, mumange zomangira mopingasa pang'onopang'ono. Chingwe cha fani chikhale pamalo olembedwa CPU_FAN pa board.

Nthawi yomwe imaumira imanenanso zambiri. Ikamauma mukusewera magemu, kayikirani graphics card kapena power supply. Ikauma, dinani mabatani a Windows, Ctrl, Shift ndi B pamodzi. Chithunzi chikabwerera, vuto ndi driver, pulogalamu yoyendetsa graphics card, ndiye muichotse ndi pulogalamu ya DDU mu Safe Mode (Windows yotsegulidwa ndi zofunikira zokha) n'kuika ina. Power supply yopanda dzina, yopepuka m'manja, kawirikawiri siipereka mphamvu yolembedwa pa chikwama chake, ndipo njira yosavuta yoiyesera ndi kubwereka ina yodalirika. Onaninso kuti zingwe za 24-pin ndi 8-pin zalowa mpaka kumapeto. Koma ikamauma itangokhala osagwira ntchito, pitani mu BIOS pa Power Supply Idle Control musankhe Typical Current Idle. Ma Ryzen ena amauma magetsi akatsika kwambiri pamene purosesa ikupuma.

Mu Event Viewer, momwe Windows imalembamo zochitika ndi zolakwika, mudzaona uthenga wa Kernel-Power 41. Isakusokonezeni, imangonena kuti kompyuta inazima mosayenera. Yofunika kuisaka ndi WHEA-Logger, chifukwa imaloza ku zipangizo. SSD iyeseni ndi pulogalamu ya CrystalDiskInfo.

Pa zonsezi sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, n'kumalemba zomwe mwachita. Zonse zikakanika, tulutsani board muiike pa katoni yake, ndi purosesa, cooler, RAM imodzi, graphics card, SSD ndi power supply basi. Ikayenda bwino kunjako, fufuzani m'kesi: kachitsulo kokwezera board komangidwa pamalo opanda bowo kamakhudza pansi pa board. Ikaumanso pa katonipo ndi RAM komanso power supply zobwereka, pamenepo bwererani kwa amene anakugulitsani board ndi purosesa, risiti m'manja.