Za pulogalamu ya agogo ija: maiki kaye, kamera pambuyo

Achimwene, mwati mukufuna kuyambitsa pulogalamu yoseketsa yoti inuyo muzivala ngati agogo aakazi n'kumacheza ndi alendo, muzijambulira ku Nchalo n'kumaponya pa Facebook ndi YouTube. Zopezera ndalama ayankhe ena.

Amene akuti mugule kaye kamera akusocheretsani. Foni ikwanira. Chimathawitsa anthu ndi mawu osamveka. Gulani timaiki tiwiri tomata pa kolala, kena ka agogo, kena ka mlendo. Topanda waya ku Limbe mwina mungatipeze, koma mitengo ikusinthasintha. Kamaikiko kasakhudzane ndi mkanda kapena nsalu, apo ayi mudzangomva kukwecha kokhakokha. Fani muzimitse pojambula.

Vuto lalikulu kuno ndi kutentha. Okutobala ndi Novembala kumapitirira madigiri 40, ndipo foni ikamajambula masana m'nyumba ya malata imatentha mpaka kusiya yokha, nkhani ili pakati. Jambulani 9 koloko m'mawa isanakwane, chotsani kava, ikani pa flight mode, ndipo osaitchaja ikujambula. Dulani zigawo za mphindi 10. Pa 1080p (mulingo wa foni wojambulira vidiyo yooneka bwino) chigawo chotere chimatha kupitirira 1GB, choncho chichepetseni kaye musanaponye, bando ingathere panjira. Osapaka ufa kumutu kuti zioneke ngati imvi, thukuta lidzautsitsira kumaso. Duku basi.

Agogowo muwalembe papepala musanayambe: zaka zawo, mudzi wawo, kaya amalima thonje kapena mapira, amuna awo adapita kuti, chimene amadana nacho. Zimenezi zisasinthe. Ngati amayankhula Chisena, aziyankhula chenicheni, osati chopotoza kuti anthu aseke chiyankhulocho. A ku Nsanje sangakukhululukireni. Ku Britain, Caroline Aherne adayamba mu 1995 pa BBC kucheza ndi anthu otchuka atavala ngati mayi wokalamba, Mrs Merton. Chinkaseketsa chinali funso lobaya lofunsidwa ndi nkhope yosadziwa kanthu. Kwathu kuno n'chimodzimodzi, agogo amafunsa zimene mwana sangayerekeze. Ndiye agogo asaseke nthabwala zawo zomwe, ndipo asabwerere ku mawu anu achinyamata ngakhale mlendo atagwa n'kuseka. Mukaseka inuyo, dulani mubwereze.

Mlendo adziwiretu kuti agogowo ndi opeka komanso kuti zipita pa intaneti. Mafunso musamuonetse, koma mugwirizane nkhani zoti musazikhudze.

Apa mumvetsetse: duku silingakutetezeni pa mlandu. Pali lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zimene adaponya pa intaneti. Osatchula munthu weniweni kuti ndi mfiti, wakuba kapena wachigololo. Osasanzira mfumu inayake yodziwika. Zigoba za gule wamkulu musazikhudze n'komwe. Za madzi osefukira nazonso mupewe, mabanja amene adataya abale pa namondwe wa Freddy mu 2023 ali pakati pathu pompano.

Nyimbo yotsegulira musatenge ya woyimba wina, Facebook imatha kutseka mawu a vidiyoyo. Pezani anyamata oyimba valimba akuyimbireni masekondi 15, muwalipire, muzigwiritsa ntchito yomweyo sabata iliyonse.