Funsani adokotala: Amayi sagona, kuchipatala akungowapatsa panado

FUNSO: Adokotala, chimwalirireni abambo chaka chatha amayi anga kumudzi asinthiratu, usiku sagona, nsima amangodya mbamu ziwiri basi, kumunda anasiya kupita ndipo tsiku lililonse akudandaula mutu ndi mtima kuthamanga. Pachipatala chaching'ono chakwathu akawayeza malungo sapezeka, amangobwerako ndi panado. Achibale akuti alodzedwa, ena akuti tipite nawo ku Zomba. Nditani ine? Mwana wawo, Ntcheu.

YANKHO: Pepani ndi zovutazo achimwene. Zomwe mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi matenda okhumudwa, dipuleshoni, ndipo amachizika ndithu. Ku Zomba Mental Hospital musathamangireko, kuja nkwa odwala kwambiri omwe achita kutumizidwa, thandizo la amayi liyambire pachipatala chanu chomwecho.

Chimachitika nchakuti makolo athu akalowa kwa adokotala sanena za maliro kapena kusowa tulo, amangoti mutu, msana, mtima, ndiye dokotala yemwe mzere wake wafika mpaka pansi pa mtengo panja amalemba zomwe wamvazo m'buku lakuchipatala lija nkuitana wina. Ndiye ulendo uno mupite nawo inuyo mukafotokoze zonse kuyambira tsiku la maliro, kusadya, kulira, kusiya kumunda, musabise kanthu. Apempheni awayezenso BP, shuga ndi kuchuluka kwa magazi chifukwa nazonso zimafoola munthu. Akaona kuti zawakulira akulemberani kupita kuchipatala chachikulu cha boma lanu komwe kumakhala anesi ophunzira za matenda a maganizo.

Akapatsidwa mankhwala ngati amitriptyline dziwani kuti amamwa usiku, amaumitsa kukamwa, ena amawapatsa chizungulire akamadzuka, ndipo kusintha kumayamba kuoneka pakadutsa masabata awiri mpaka anayi, apa mpomwe ambiri amasiyira ati sakugwira. Akapeza bwino asasiye okha, amafunika kupitiriza miyezi ina isanu ndi umodzi. Mankhwalawo azisunga munthu wina pakhomopo.

Mapilisi okha sakwanira, amayi a kutchalitchi ndi anzawo aziwayendera kucheza nawo, mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo naye adziwe.

Koma ichi chokha ndikupempheni, afunseni mosazungulira ngati amaganizako zodzipha, kufunsa sikumuika munthu maganizo amenewo ayi. Akanena mawu ngati "bola ndingotsatira bambo anu" chotsani tameki, mankhwala a mbewu ndi zingwe m'nyumbamo, asakhale okha, ndipo mupite nawo kuchipatala tsiku lomwelo.